Musanalandire makiyi: kuyendera nyumba yatsopano ndi kukambirana ndi womanga

Nyumba yatsopano imakopa. Penti akununkhira, matailosi akuwala, pabwalo asesa bwinobwino, wogulitsa akumwetulira makiyi ali m'manja. Koma paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba imodzi imadutsa m'manja mwa anthu ambiri: wokumba maziko, womanga njerwa, kalipentala, pulambala, wamagetsi, woika matailosi. Aliyense amafika n'kukwirira ntchito ya mnzake, ndipo wopenta, poti amabwera pomaliza, amakwirira za onse. Sikuti womanga aliyense ndi wachinyengo ayi. Ngakhale kampani yabwino imasiya zolakwika, chifukwa masiku omaliza ntchito imachitika mothamanga.

Nkhani yagona pa nthawi. Musanapereke ndalama yomaliza, foni yanu imayankhidwa ikangolira kamodzi. Mukalipira zonse n'kusaina kuti mwalandira nyumba, amisiri amakhala atasamukira pa ntchito ina, inuyo mwasanduka wopempha. Choncho zambiri mwa izi zichitike makiyi asanalowe m'thumba mwanu, ndipo chilichonse chilembedwe.

1. Yambirani pa pepala

Musanasaine mgwirizano, pemphani mndandanda wa zipangizo zomwe zidzaikidwe m'nyumba yanuyo. Nyumba yachionetsero yomwe amakuyendetsani muja kawirikawiri imakhala ndi zowonjezera zomwe sizili pa mtengo womwe akuuzani: makabati apamwamba, magalasi akuluakulu, mipando ing'onoing'ono yochititsa chipinda kuoneka chachikulu. Zomwe mukugula ndi zomwe zalembedwa. Pepalalo linene mtundu wa denga ndi kukhuthala kwa malata, mtundu wa matailosi, kuchuluka kwa masoketi m'chipinda chilichonse, kukula kwa giza, ngati mpanda ndi msewu wolowera zilipo. Chenjerani ndi mawu akuti "kapena zofanana nazo". Pamenepo ndi pomwe chitseko cholimba chimasandukira chopepuka. Uzani loya wanu awonjezere kuti kusintha kulikonse muzivomereza inuyo polemba.

Mgwirizanowo unenenso kuti muli ndi ufulu woyendera nyumba, nokha kapena ndi katswiri wanu, musanapereke ndalama yomaliza. Womanga amene akukana zimenezi wakuuzani kale kanthu.

Kenako pali nthawi yokonza zolakwika. M'migwirizano yambiri ya zomangamanga imakhala miyezi 6 kapena 12 kuchokera tsiku lopereka nyumba, ndipo mwini ntchito amasunga gawo la ndalama, nthawi zambiri 5 peresenti: theka amapereka polandira nyumba, theka linalo nthawi yokonza ija ikatha. Mukamagula nyumba yomalizidwa kale ku kampani, ambiri amakana zosungitsa ndalamazi. Pemphanibe. Mutha kugwirizana kuti ndalamayo isungidwe ndi loya, osati inu, ndipo zikatero womanga amamasuka. Koma zimenezi zimakambidwa musanasaine. Kungoganiza nokha tsiku lomaliza kuti simulipira zonse, pomwe mgwirizano sukunena choncho, kumachititsa kuti wophwanya pangano akhale inuyo.

Chitsimikizo cha nyumba, lomwe ndi lonjezo lolembedwa loti zolakwika zikaoneka zidzakonzedwa, chimasiyana dziko ndi dziko. Ku UK, chitsimikizo cha bungwe la NHBC ndi cha zaka 10: zaka 2 zoyambirira womanga amakonza yekha zomwe sizinamangidwe moyenera, zotsalazo ndi inshuwalansi ya zowonongeka zikuluzikulu monga maziko ndi makoma onyamula denga. Ku South Africa, nyumba yolembetsedwa ku bungwe lolembetsa omanga la NHBRC ili ndi miyezi 3 yonenera zolakwika wamba, chaka chimodzi cha denga lodontha, ndi zaka 5 za zolakwika zikuluzikulu. Ku France lamulo la 1978 limapatsa womanga udindo kwa zaka 10 pa zowononga kulimba kwa nyumba, pomwe zolakwika zonse zonenedwa m'chaka choyamba ayenera kuzikonza. Taonani kuti konseku zaka zambirizo ndi za zinthu zikuluzikulu zokha. Chitseko chopindika ndi mpopi wodontha zili ndi kanthawi kochepa. Fufuzani kuti kwanuko nthawiyo ndi yotalika bwanji, imayamba tsiku liti, ndipo dandaulo limapita kwa yani.

Onaninso dzina la kampani lomwe lili pa mgwirizano. Omanga ena amatsegula kampani yapadera pa ntchito iliyonse, n'kuitseka nyumba zikagulidwa. Dzina lili pa chikwangwani ndi lina, lomwe mwasainirana nalo ndi lina.

2. Kaoneni nyumba zake zakale

Musakhutire ndi zithunzi. Pitani ku nyumba zomwe womangayo adamaliza zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, mukaodire mwaulemu. Funso lothandiza si lakuti "nyumbayi inali ndi zolakwika?", chifukwa yankho ndi inde kulikonse. Funsani kuti atadandaula, anabwera patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo chomwe anakonzacho chinabwereranso kapena ayi. Mukutuluka yang'anani m'munsi mwa makoma akunja ndi m'makona a mawindo. Nyumba yanu idzaoneka choncho.

3. Ngati ikumangidwabe, jambulani pulasitala asanaikidwe

Amene akugula nyumba isanathe ali ndi mwayi womwe sudzabweranso. Pemphani chilolezo kwa woyang'anira ntchito, mukajambule khoma lililonse mapaipi ndi mawaya zikuonekera. Zithunzizo zidzakuthandizani pa mkangano, komanso tsiku lomwe mudzafune kukhoma msomali osaboola paipi.

Zinthu ziwiri muzione ndi maso. Konkire amafika pa mphamvu yomwe amawerengera patatha masiku 28, ndipo sabata yoyamba amafunika azikhala wonyowa. Silabu yomwe yasiyidwa padzuwa osathiridwa madzi kapena kufunditsidwa imauma msanga pamwamba, n'kuyamba kufumbutuka ndi kung'aluka. Chachiwiri ndi pepala lakuda lotchinga chinyezi lomwe amisiri amati DPC, loyalidwa pakati pa maziko ndi khoma. Likaiwalika, kapena likang'ambika, chinyezi chimakwera m'khoma ndipo palibe penti amene angachigonjetse.

4. Konzekerani tsiku loyendera

Sankhani masana, kukuwala, ndipo lisakhale tsiku losamuka. Katundu akangolowa, chilichonse chokalika womanga adzati mwakala ndinu. Uzani womanga pasadakhale kuti madzi ndi magetsi zikhale zolumikizidwa, giza atayatsidwa. Kuyendera nyumba yopanda madzi n'kungoona penti basi. Ngati mungakumanize ndi tsiku lomwe kwagwa mvula yamphamvu, ndiye mwapata.

Tengani tochi yowala, levulo, tepi yoyezera, ndowa, tchaja ya foni, pepala la m'chimbudzi, makwerero, tepi yomata yoikira zizindikiro, pulani ya nyumbayo ndi mndandanda wa zipangizo uja. Pitani awiri, wina aziyang'ana wina azilemba. Dzipatseni maola atatu kapena anayi. Wogulitsa akamayang'anayang'ana wotchi, muuzeni mwaulemu kuti atha kupita, mumuitana mukamaliza.

Kodi n'koyenera kulipira katswiri? Ndimati inde, makamaka pa denga, magetsi ndi maziko, zomwe diso la munthu wamba silizindikira. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumba. Koma mumupeze nokha. Katswiri wolozeredwa ndi wogulitsa amadziwa komwe ntchito yake yamawa ichokere.

5. Yambani kunja, ndipo tsatirani madzi

Anthu ambiri amalowa m'nyumba n'kutha ola lathunthu akuwerenga timadontho ta penti pa galasi. Timadonthoto timachoka ndi lezala. Chomwe chimawononga nyumba ndi madzi, ndiye yendani mukudzifunsa kuti mvula ikagwa apa, ilowera kuti.

Imani patali muyang'ane denga. Mzere wapamwamba ukhale wowongoka, osati wolowa pakati. Malata kapena matailosi a denga akhale pamzere, opanda opindika kapena osweka. Pomwe madenga awiri akumana, ndi pomwe denga lagundana ndi khoma kapena chumuni, ndi malo omwe kudontha kumayambira. Pakhale chitsulo chotchinga cholowa bwino m'khoma, osati simenti yongopakapo. Ngalande za m'mphepete mwa denga zitsetserekere ku paipi yotsikira pansi. Kwerani pa makwerero muthiremo ndowa ya madzi: athamange onse, osatsala odikha, osadontha polumikizira. Kawirikawiri mumapezamo zidutswa za njerwa ndi simenti youma.

Tsatirani paipi yotsikirayo mpaka pansi. Ikutayira kuti? Ngati ikungokhuthulira patsinde pa khoma, lembani, ndipo muike m'gulu la zofunika msanga. Nthaka yozungulira nyumba itsetsereke kuchoka ku khoma, osati kubwera ku khoma. DPC ija ikhale pafupifupi masentimita 15 pamwamba pa nthaka, ngati mizere iwiri ya njerwa. Zimachitika kuti womanga anaiika bwino, koma okonza pabwalo n'kubwera kuunjika dothi kapena kuyala simenti mpaka kuipitirira. Zikatero chinyezi chimangodutsa pamwamba pake.

Tsegulani chivundikiro cha dzenje lomwe mapaipi a zonyansa amakumana. Mnzanuyo akatsegule madzi m'chimbudzi ataponyamo pepala, inu mukuyang'ana. Pepalalo lidutse mwamsanga. Likachedwa, kapena madzi akamakwera, paipi yagona molakwika kapena muli zinyalala za pa ntchito. Ntchito yonyansa, inde, koma ya mphindi zisanu, ndipo kuzindikira zimenezi mutalowa kale kumanyansa koposa.

Pomaliza kunjaku, yerekezani malire a puloti ndi mapu. Mpanda suima nthawi zonse pomwe pali malire enieni.

6. Ming'alu: yoopsa ndi yosaopsa

Pafupifupi nyumba yatsopano iliyonse imakhala ndi ming'alu, choncho musathawe mukaona umodzi. Pomanga pamalowa madzi ochuluka kwambiri m'konkire, m'matope omangira ndi m'pulasitala. Akamauma, zinthu zimakhwinyata pang'ono, n'kusiya timing'alu topyapyala ngati tsitsi, makamaka pomwe siling'i yakumana ndi khoma ndi mozungulira mafelemu. Timeneti amangomata n'kupenta. Bungwe la ku UK lofufuza za zomangamanga la BRE limaika ming'alu yosapitirira mamilimita 5 m'gulu la yongoipitsa maonekedwe, ngakhale kuti pa nyumba yomwe sinakhalidwemo n'komwe, mng'alu wa mamilimita 3 ndi wofunika kuufunsa bwino.

Woopsa umadziwika ndi kayendedwe kake. Umayenda mopingasa kuchokera pa kona ya windo kapena chitseko, kapena umatsika ngati masitepe motsatira mizere ya njerwa. Mbali imodzi ndi wotakata kuposa inzake. Mukauona m'kati, mukatuluka mumaupezanso kunja pamalo omwewo. Chitseko chapafupi chikulimba potseka. Zizindikiro zimenezi zimaloza ku maziko omwe akutitimira mbali imodzi, kapena lintala yofooka. Apa musalole zomata. Itanani injiniya wanu, ndipo ndalama yomaliza idikire lipoti lake.

Mng'alu womwe mukuukayikira, lembani ndi pensulo pomwe wathera mbali zonse, muikepo deti, mujambule mutagundikiza tepi yoyezera. Patatha mwezi mudzadziwa ngati ukuyenda.

7. M'bafa ndi m'khitchini

Apa ndi pofunika kudekha. Yambani ndi mita ya madzi. Tsekani mipopi yonse, dikirani matanki a zimbudzi adzaze, jambulani manambala a pa mita. Pitirizani kuyendera zina kwa ola limodzi osatsegula madzi, mubwererenso. Ngati manambala asuntha, paipi ikudontha penapake, mwina pansi pa simenti. Mwa zoyesa zonse, ichi ndi chotchipa kwambiri ndipo chimagwira zobisika.

Mukatero tsegulani mpopi uliwonse. Wotentha utulutse otentha, wozizira ozizira; kusinthanitsa mapaipi n'kofala kuposa mmene mungaganizire. Tsegulani shawa, wina atsegule mpopi wa kukhitchini, muone ngati mphamvu ya madzi ikugwa. Dzazani sinki, muchotse chotsekera, ndipo madzi akamatsika pititsani pepala louma la m'chimbudzi pa mfundo iliyonse ya paipi yapansi. Dontho lomwe diso silikuona, pepala limaonetsa. Paipi yapansi pa sinki ikhale ndi popindika posunga madzi pang'ono. Madzi amenewo ndi omwe amatchinga fungo la suweji kuti lisabwerere m'nyumba.

Tsopano ndowa ija. Thirani madzi pansi pa shawa, kumakona onse, n'kuima phee kuyang'ana. Madzi onse alowere ku bowo. Mukaona ena akutsalira pakona, kapena akuyenda pang'onopang'ono kulowera ku chitseko, pansipo sanapatsetsereke bwino. Womanga adzakuuzani kuti muzingokolopa. Musavomere. Madzi odikha tsiku ndi tsiku amalowa m'mizere ya matailosi, ndipo patapita miyezi penti wa chipinda cha kuseri kwa khomalo amayamba kutuwa ndi kufufuma. Kukonza kwake n'kuchotsa matailosi n'kuyalanso, ntchito yomwe palibe amene amafuna kuichita mutalowa kale.

Chimbudzi chigwedezeni ndi bondo, chisasunthe. Tsegulani madzi, muone ngati thanki ikudzaza n'kusiya yokha. Pakapita mphindi zingapo pukutani m'kati mwa mbale ya chimbudzi, mbali ya kumbuyo, muikepo pepala louma. Likanyowa, thanki ikutaya madzi mwakachetechete ndipo bilu idzakuuzani. Silikoni wozungulira bafa ndi sinki akhale wosadukiza.

Matailosi agogodeni limodzi ndi limodzi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Loyalidwa bwino limalira mogonthera. Lomwe pansi pake pali mphako limalira phophopho, ndipo tsiku lomwe mwendo wa firiji udzapondepo lidzasweka. Limodzi kapena awiri pakona si nkhani yaikulu. Theka la chipinda likamalira choncho, woyalayo amangoika simenti m'makona.

Kenako kwerani m'siling'i ndi tochi, mukuponda pa matabwa okha. Muzimitse tochiyo kaye: kuwala kolowera pomwe sipayenera ndi pomwe mvula idzalowere. Yang'anani matabwa othimbirira ndi madzi, ong'aluka, olumikizidwa ndi msomali umodzi, kapena okhala ndi timabowo ta tizilombo. Kumadera a chiswe, funsani umboni wolembedwa woti matabwa ndi nthaka ya pansi pa silabu zinathiridwa mankhwala. Ngati giza ali m'mwambamo, akhale pa thireyi yokhala ndi paipi yotulutsira madzi kunja.

Khoma lomwe likuoneka lonyowa liyeseni chonchi: matanipo kapepala ka pulasitiki mbali zonse zinayi, mukasiye usana ndi usiku. Madzi akakhala kuseri kwa pulasitiki, akuchokera m'khoma. Akakhala pamwamba pake, ndi nthunzi ya m'chipinda chabe. Ufa woyera wotuluka pa njerwa zatsopano ndi mchere wotuluka pouma, umachoka ndi bulashi youma. Koma ukamabwererabe pamalo amodzi, pali madzi omwe akuudyetsa.

8. Magetsi

Musatsegule chilichonse chomangidwa ndi masikuluwu. Imeneyo ndi ntchito ya wamagetsi. Inu lowetsani tchaja mu soketi iliyonse, yatsani switchi iliyonse, ndipo werengani ngati masoketi akwana monga pa pulani. Soketi isagwedere, isatenthe, isathetheke. Tchaja imangokuuzani kuti moto ulipo. Kachipangizo koyesera soketi, komwe sikadula, kamaonetsanso ngati waya wa ethi walumikizidwa ndiponso ngati mawaya sanasinthanitsidwe.

Pa bokosi la magetsi, buleka iliyonse ilembedwe mbali ya nyumba yomwe imayang'anira. Zimitsani imodziimodzi muone ngati zolembedwazo n'zoona. Pakhalenso buleka yoteteza munthu kugwidwa ndi magetsi, yomwe m'nyumba zokhalamo imadula moto ukangothawa ndi mamiliampu 30. Ili ndi kabatani koyesera, kolembedwa T kapena Test. Dinani. Ikapanda kudula nthawi yomweyo, musagone m'nyumbamo mpaka itakonzedwa. Pemphani satifiketi ya wamagetsi wovomerezeka yosonyeza kuti anayesa zonse.

9. Zitseko, mawindo, pansi ndi penti

Izi n'zosavuta. Chitseko chilichonse chitseguke ndi kutsekeka osakhula pansi, ndipo mukachisiya pakati chiime, osayenda chokha. Chikayenda, felemu yapendekeka. Yesani kiyi aliyense pa loko wake. Onani ngati mahinjesi ali ndi masikuluwu onse. Gwirani pamwamba ndi pansi pa chitseko chakunja: opaka penti amakonda kudumpha pamenepo, ndiye chimamwa madzi n'kufufuma. Mawindo atseguke onse, magalasi akhale osakalika, ndipo kasimenti ka pansi pa windo kunja katsetserekere kubwalo. Ikani levulo pansi, pa makabati ndi pa mafelemu. Tsegulani kabati iliyonse ndi dirowa iliyonse.

Pa penti ndi pulasitala pali kamkangano kodziwika. Mukagoneka tochi m'mbali mwa khoma, mudzaona mabampu ngakhale pa khoma labwino. Omanga ambiri amaweruza khoma poliyang'ana masana ataima mamita awiri, ndipo pamenepa ali ndi mfundo. Tochi ikuthandizeni kupeza malo, koma lembani zokhazo zomwe zikuonekabe mutaizimitsa n'kubwerera m'mbuyo. Mndandanda wodzaza ndi zosaoneka umapatsa womanga chifukwa chopeputsira zonse.

10. Lembani moti wina asafunsenso

Cholakwika chilichonse chikhale ndi nambala, chipinda, malo enieni, vuto, ndi zithunzi ziwiri: chapatali choonetsa malo, chapafupi choonetsa vuto. Nambala yomweyo ilembedwe pa tepi yomata pakhomapo. "Bafa silili bwino" sizithandiza aliyense. Lembani chonchi: "14. Bafa la kuchipinda chachikulu, pansi pa shawa. Madzi akudikha pakona ya kumanzere, sakufika ku bowo. Zithunzi 14a ndi 14b."

Gawani mndandanda patatu. Poyamba zoopsa ndi zamadzi, zomwe ziyenera kutha musanalipire. Kenako zomwe sizikugwira ntchito kapena zasiyana ndi mgwirizano. Pomaliza zamaonekedwe. Mukasakaniza zonse, amisiri amasankha zophweka, amakonza timadontho ta penti makumi atatu n'kunena kuti ntchito yatsala pang'ono, denga likudonthabe. Tumizani pa imelo kapena kalata yosainidwa kuti yalandiridwa, ndipo kumapeto lembani kuti mndandandawu sukutseka mwayi wonena zina zomwe zidzaoneke pambuyo pake.

11. Kulankhula ndi womanga

Pezani munthu mmodzi yemwe ali ndi mphamvu yolamula kuti ntchito ichitike, nthawi zambiri foromani kapena woyang'anira ntchito yonse, ndipo zonse zizidzera kwa iye. Kukalipira mnyamata wonyamula simenti sikukonza kanthu. Musawapatsenso amisiri kangachepe pambali kuti akukonzereni mwamsanga, chifukwa chikadzalakwikanso kampani idzati ntchitoyo siikuidziwa.

Mawu omwe mudzamve ndi odziwika. "Bwana, izi n'zazing'ono, lowani kaye, tidzamalizitsa muli momwemo." Yankho labwino silifuna ukali: "Zikomo a foromani, ndamva. Poti n'zazing'ono, tiyeni tilembe tsiku lomwe zithe, ndidzabwere tidzaonere limodzi." Ena adzati nyumba ikukhazikika, n'chimodzimodzi nyumba zonse za pano. Pa timing'alu ta tsitsi akunena zoona. Pa chitseko chosatseka kapena madzi olowera ku khoma, apempheni alembe zomwe anenazo n'kusaina. Ambiri amasintha maganizo cholembera chikatuluka.

Mukalankhulana pa foni kapena pamaso, tumizani uthenga tsiku lomwelo: tagwirizana kuti nambala 3, 9 ndi 14 zikonzedwa pofika tsiku lakutilakuti. Akapanda kutsutsa, umenewo ndi umboni wanu. Khalaninso wachilungamo. Chomwe akonza bwino, chifafanizeni pa mndandanda n'kuthokoza. Womanga amabwerera msanga kwa munthu wolimba koma waulemu kusiyana ndi wolalata.

Akanena kuti zatha, musangokhulupirira. Bwererani ndi mndandanda womwewo ndi ndowa yomweyo. Yang'ananinso pozungulira pomwe akonza, chifukwa wokonza paipi amaswa tailosi, wokonza tailosi n'kudetsa penti.

12. Tsiku la makiyi

Werengani pepala lililonse musanasaine. Ngati pali mawu oti mwalandira nyumba ili bwino lomwe, lembani pamanja kuti kupatula zomwe zili pa mndandanda wa tsiku lakutilakuti, mumatepo kope lake, onse awiri musaine. Jambulani mamita a madzi ndi magetsi. Tengani makiyi onse, pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, chikalata chololeza kuti nyumbayo ikhalidwe komwe malamulo amachifuna, satifiketi ya magetsi, mapepala a chitsimikizo cha nyumba, cha giza ndi cha zipangizo zina, ndi mayina a penti yemwe anapaka. Akuonetseni potsekera madzi a nyumba yonse. Pemphaninso matailosi otsala, chifukwa mtundu womwewo sudzapezekanso m'sitolo patapita zaka ziwiri.

13. Chaka choyamba

Nyumba imapitiriza kuuma kwa miyezi yambiri, kumadera ozizira mpaka chaka. Tsegulani mawindo, musagundikize makabati ku khoma, ndipo musathamangire kupentanso. Timing'alu tatsopano tisonkhanitseni tidzakonzedwe kamodzi. Koma kudontha, fungo la suweji, buleka yomangodula ndi mng'alu womwe ukukula, nenani tsiku lomwelo polemba. Mukachedwa, womanga atha kunena kuti kuwonongeka kwakula chifukwa cha inu.

Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, zungulirani nyumba ndi ambulera muone komwe madzi akupita, mukwerenso m'siling'i. Musagwetse khoma, kusintha mawaya kapena kuboola denga nthawi ya chitsimikizo isanathe popanda chilolezo cholembedwa, chifukwa zimenezi zimatha kufafaniza chitsimikizo pa gawo limenelo. Ikani chikumbutso pa foni kutatsala mwezi umodzi kuti nthawi yokonza zolakwika ithe, muyenderenso nyumba yonse monga poyamba, mndandanda ufike tsiku lisanakwane.

14. Akakana kapena akasowa

Lembani kalata yomaliza kwa mkulu wa kampani, yotchula manambala a zomwe zatsala, masiku omwe analonjeza n'kulephera, ndi nthawi yomwe mukuwapatsa, mwachitsanzo masiku 14. Nenani zomwe mudzachite ikadutsa. Ikadutsadi, pitani ku bungwe lomwe linapereka chitsimikizo, ku bungwe lolembetsa omanga, kapena ku ofesi yoona madandaulo a ogula. Ku UK, mwachitsanzo, kuli New Homes Ombudsman Service yomwe inayamba ntchito mu 2022. Mabungwe oterewa amafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kwa womanga polemba, n'chifukwa chake mauthenga aja ndi ofunika.

Funsani anansi. Ngati shawa yanu inayalidwa molakwika, mwina woyala yemweyo anadutsa mzere wonsewo, ndipo kalata ya mabanja khumi imayankhidwa msanga kuposa ya munthu mmodzi. Zolemba pa Facebook zisamaleni: nenani zokhazo zomwe muli nazo umboni, kuopa kuti mlandu ungakutembenukireni.

Musaitane mmisiri wina kudzakonza musanapatse womanga mpata wolembedwa, kupatula pa zadzidzidzi monga paipi yophulika kapena waya wothetheka. Zikatero jambulani musanakhudze, sungani chidutswa chomwe chachotsedwa pamodzi ndi malisiti, ndipo mudziwitse womanga tsiku lomwelo. Ngati nkhani ikupita kukhoti, tengani lipoti la injiniya kapena katswiri woima payekha, ndi mitengo yolembedwa ya amisiri awiri kapena atatu yosonyeza ndalama zomwe kukonzako kudzadye, ndipo mufunse loya malire a nthawi yokasumira kwanuko isanakutherani.